Pasipoti Yako Ndinaibisa Ndine

Tadala mwana wanga,

Leka kugubuduza katundu m'nyumbamo. Ndikukumva ndili kuno ku chigafa. Wakhuthula sutikesi kachitatu, wanyamula matiresi, tsopano wayamba kumasula matumba a chimanga ngati pasipoti ili ndi miyendo yolowera m'thumba. Sinatayike, ndipo palibe wakuba analowa pano. Ndinaitenga ndine, mayi ako, Lachitatu lija unapita kukatsazika kwa atsibweni ako. Ndinaibisa, ndipo pamene ndinaiika ungafunefune mpaka mvula ya chaka chamawa osaipeza.

Wapsa mtima? Ipsa. Wanga unayamba kupsa wako usanafunde n'komwe. Ndikudziwa kuti minibasi yako ndi ya mawa m'mawa pa Malomo, ndikudziwanso kuti popanda kabuku kameneko ku Mozambique sukalowa. Ndiye khala pansi, uwerenge kalatayi mpaka kumapeto. Usalumphe mizere, ndimakudziwa iwe. Ndalemba chifukwa masabata atatu ano ndikangotsegula pakamwa pamatuluka kukalipa, iwe n'kulowa kuchipinda, chitseko n'kutseka. Mapepalawa ndang'amba m'kope la msonkhano wa amayi kumpingo. Poti mlembi ndine, ndikayankha ndekha.

Poyamba undiyankhe ichi: kodi odwala atha ku Ntchisi kuno? Atha ku Dowa? Unali namwino pa boma, yunifolomu yoyera mbee, nyumba ya magetsi, mwezi ukatha uli pano ndi shuga ndi sopo. Ndikamadutsa pamsika wa Malomo azimayi amakodolana, "Awo ndi amake a nesi aja." Ndiye iwe n'kutula pansi zonsezo, ati ndikupita kukagwira ntchito pa kachipatala ka mpingo kutchire la ku Mozambique, kumene ngakhale foni sigwira, zaka zake osadziwika. Ati Mulungu wasintha masomphenya anga. Asa! Anawasintha ine ndili kuti? Bwanji sanadutse pano kudzandiuza ine, amene ndinaponda matope?

Tasuzumira pawindo. Uvuni wa njerwa uwo waima pamenepo zaka zinayi. Dothi ndinaponda ndi mapazi angawa. Madzi ndinatunga kudambo ndowa imodziimodzi. Chikombole ndinabwereka kwa mnzanga, a Nankhoma, ndinakhala nacho mpaka tinatsala pang'ono kudana. Nkhuni zootchera ndi mitengo ya bulugamu ija anabzala malemu bambo ako. Ndinagwetsa yonse, ndikuti palibe kanthu, ikuthera mwana wawo. Zikhomo za maziko tinakhoma ndi atsibweni ako kumtunda kwa nyumba yanga, zipinda zitatu, khomo loyang'ana kuno kuti ndizikuona ukamatuluka m'mawa. Chiswe chikadya zikhomozo ndimasema zina n'kukhomanso, chaka ndi chaka.

Unati sindinakufunse. Inde sindinakufunse. Ndikanakufunsiranji? Kwathu kuno amene amatsala pakhomo ndi mwana wamkazi, mwamuna ndiye amabwera kudzakhala. Alongo ako awiri anapita kuchikamwini, akulima minda ya akazi awo, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Wamkazi ndiwe wekha. Munda wa kuphiri uja unali wa agogo anga, unabwera kwa amayi, unabwera kwa ine, ndipo umayenera kugwera m'manja mwako. Ukachoka, atsibweni ako adzaugawira ana a mng'ono wanga ine ndikangotseka maso, ndipo palibe angawatsutse poti mwini mbumba ndi iwowo. Ngakhale mkamwini ndinali nditamuona kale, mphunzitsi uja woimba besi m'kwaya, munthu wonjuta popereka moni. Iwe unamuyankha kuti chiyani? "Pepani achimwene, njira zathu ndi zosiyana." Njira zake ziti? Yochokera ku Malomo kubwera kuno ndi imodzi yomweyi.

Ndikudziwa kumene zinayambira. Ndi maulendo ako a Loweruka aja, opita ku Dzaleka ndi anzako a kumpingo kukaona othawa nkhondo. Unkabwera pano, chakudya n'kungochiyang'ana. Tsiku lina tikutong'ola chimanga pakhonde unandiuza za mayi wa ku Congo amene anaberekera panjira akuthawa, mchombo wa mwana n'kudula ndi chibenthu cha botolo. Unati, "Amayi, ine ndinkaona ngati moyo ndi nyumba ya malata ndi malipiro a pamwezi. Ndapempha Mulungu kuti andipatse maso ena, ndipo ndayamba kuona zina." Ine n'kuyankha, "Zabwino zimenezo mwanawe, pitiriza kupemphera." Chitsiru ine! Ndikanadziwa kuti pempherolo lili ndi pasipoti kumapeto kwake, ndikanakutuma kudambo kukatunga madzi.

Tsopano tamvera za mayi akowa, chifukwa si koyamba Mulungu kundigwetsera zimene ndamanga, ndipo sindinayambe ndagonja mwaulemu.

Uli Sitandade 6 bambo ako anafuna kusiya fodya. Anati nthaka yatopa, iwonso atopa, tiyese soya ndi mtedza. Ndinawakalipira pamaso pa alongo ako. Ndinati, "Inu abambo, soya anaphunzitsapo mwana wa ndani? Tadala apita kusekondale ndi fodya, basi." Bambo ako sankalimbana ndi munthu, unkawadziwa. Anangovala chipewa chawo n'kupita kunazale. Chaka chimenecho fodya anakula kufika m'chifuwa, masamba ngati zipande za nsalu. Ndinkayenda m'mundamo ndikumwetulira ndekha. Kutatsala sabata imodzi kuti tiyambe kuthyola, kunagwa matalala masana dzuwa likuwala. Sanatenge nthawi yophikira ndiwo. Nditapita kukaona, ndinapeza mapesi okhaokha, masamba ali nyenyenye pansi. Ndinakwiyira Mulungu miyezi iwiri yathunthu. Belu likalira Lamulungu, ine ndimatenga khasu dala, ndikuti aone. Chaka chotsatira bambo ako anabzala soya ndi mtedza wawo uja osandifunsanso, ndipo ndi zimenezo zinakufikitsa kusekondale mpaka kusukulu ya unamwino. Chigafa chino sichinaonenso fodya, mumagona mbuzi. Bambo ako anamwalira ndisanawauze kuti munkanena zoona. Tsiku lililonse ndinkati ndiwauza mawa.

Wamva, Tadala? Ukakwiyira Mulungu, ukamuuze pamaso. Usakachite zanga zotenga khasu belu likulira. Amene anavutika ndi ineyo, tchalitchi sichinagwe. Koma usandiuze kuti, "Mwaona amayi, nthawi ijanso anakukonzerani zabwino." Ndikudziwa! Ndinalipo! Kungoti nthawi imeneyo anasintha njira yokha, kumene ndinkapita ndinakafikabe. Lero akusintha ndi kofikira komwe, ndipo ndi chimene chikundiwawa.

Cholakwa changa china ndi pakamwa. Uli ndi zaka ziwiri unadwala malungo mpaka kukomoka, maso atatembenuka. Bambo ako anali ku Lilongwe kokagulitsa fodya, njinga inalibe tayala. Ndinakubereka kumbuyo, a Nankhoma ali pambuyo panga ndi botolo la madzi, ulendo wa kuchipatala wapansi, kukwera ndi kutsika mapiri onsewa dzuwa lili paliwombo. Titafika pamtsinje ndinamva thupi lako lalefuka kumsanaku. Ndinagwada pamchenga pomwepo, ndinafuula ngati wamisala, "Ambuye, mukandisiyira mwanayu ndi wanu! Muchite naye zimene mukufuna!" Tinafika, anakubaya, tsiku lachitatu unapempha phala. Ine n'kuiwala. Munthu akakhuta sakumbukira zimene analonjeza ali ndi njala.

Ndiye Lachisanu la sabata yatha pamsonkhano wa amayi ndinaimirira ndi ulemu wanga wonse, ndikuti, "Anzanga, mundithandize kupemphera kuti Mulungu abweze mtima wa Tadala." Onse anawerama, kupatula a Nankhoma. Iwo maso ali pa ine, gwa. Ati, "Amake Tadala, pamtsinje paja munati chiyani? Ine ndinalipo." Koma abale, anthu ena kusunga mawu a anzawo ngati mbewu! Ndinati, "Ine ndinkatanthauza kuti aziimba kwaya, aziphunzitsa ana Sande sukulu, pompano pamudzi." Iwo ati, "Ndiye kuti mbuzi munapereka, koma chingwe munatsala nacho." Wina anaseka kumbuyo, ndipo ndikumudziwa. Ndinapanira kope langa m'khwapa n'kutuluka pemphero lotsekera lisanachitike. Mpaka lero a Nankhoma sindinawapatse moni, ndipo chimene chikundipsetsa mtima kwambiri n'choti sananame.

Usaiwale zimenezi, mwanawe. Iwe wanena kuti, "Ndipita kulikonse kumene anganditume." Mawu amenewo ndi okoma pakamwa m'tchalitchi, anthu akuomba m'manja. Amene unawauzayo saiwala ngati ine. Adzakukumbutsa tsiku limene sukufuna kukumbutsidwa.

Ndipo nawenso usadzione ngati wafika. Ukuganiza kuti sindikuona? Uli ndi uvuni wakowako m'mutumo. Waumba kale njerwa: ukafika, azimayi akakulandira ndi nthungululu, ana akabadwa bwinobwino m'manja mwako, aliyense akakutchula mngelo. Nanga ukakapeza kuti sakukufuna? Nanga akakakupatsa tsache ndi ndowa miyezi itatu asanakulole kugwira wodwala? Nanga mwana woyamba akakafera m'manja mwakomo, azimayi n'kumanong'onezana kuti ndi mlendoyu? Pamenepo ndi pamene tidzaone ngati unapempha maso a Mulungu kapena unangosinthanitsa maloto anga ndi ako. Usakhome zikhomo msanga, Tadala. Ndikukuuza ine katswiri wa zikhomo.

Usamati chilichonse chobwera m'mutu mwako, "Mulungu wandiuza." Zina ndi njala, zina ndi liuma, ndipo liuma lako ndikudziwa kumene unalitenga. Ukapeze mayi wachikulire pampingo wa kumeneko, wa pakamwa polasa ngati a Nankhoma, uzikamufunsa. Akakakukwiyitsa, udziwe kuti wapeza woyenera. Ukapereke moni kwa akuluakulu usanatulutse mapepala ako a sukulu. Chimene akakupatse kudya, ukadye osakwinya nkhope. Ukagone m'masikito, chifukwa inu anamwino mumalangiza anzanu koma eni ake mumagona pambalambanda ngati udzudzu umaopa yunifolomu. Ndipo Mulungu yemweyo akadzakutembenuzanso, utembenuke. Akadzati bwerera kwanu, ubwerere, usadzakhalire kumeneko chifukwa choopa kuti amayi akandiseka. Ndidzakuseka ndithu, koma tsiku limodzi lokha, lachiwiri ndidzakuphera nkhuku.

Tsopano ndifike pa chimene sindinauzepo munthu, ngakhale bambo ako.

Usamayese kuti wayamba ndiwe kufuna kuona kuseri kwa mapiriwa. Ine ndili mtsikana ndinali ndi mutu. Pasukulu ya mishoni ndinkakhala nambala wani, anyamata akulira. Nditalemba mayeso a Sitandade 8 aphunzitsi athu anati, "Iwe ukupita kusekondale, ukadikire kalata." Ndinadikira. Mvula inagwa, chimanga chinamera, chinamasula, kalata osabwera. Aphunzitsi aja anali atasamutsidwa, ndipo ine manyazi anandigwira, ndinayesa kuti ndalephera. Sindinafunsenso munthu. Amayi, agogo ako, anangoti, "Basi mwanawe, sukulu si ya aliyense, tiye kumunda." Ndinapita kumunda. Ndinakwatiwa, ndinabereka alongo ako, ndinabereka iwe.

Agogo ako atamwalira tinkaphwasula nyumba yawo. Ndikukoka udzu wakale padenga kunagwa kachitini ka dzimbiri. Mkati munali envulopu, theka lake chiswe chitadya. Koma dzina langa linalipo, ndipo mawu oti ndasankhidwa analiponso. Aphunzitsi aja anapatsira amayi kalatayo kutchalitchi asanasamuke, amayi n'kuisomeka padenga. Chifukwa chiyani? Chifukwa ndinali mwana wamkazi woyamba, woyenera kutsala pakhomo ndi munda wa kuphiri. Ndinakhala pansi paudzu paja ndikulira ngati maliro ayambanso. Anthu ankati, "Msiyeni, akulira mayi ake." Sindinkalira amayi ayi. Ndinkalira mtsikana uja anayenda zaka zonsezo akuwerama, akuyesa kuti ndi mbuli. Ndinawakwiyira amayi ali m'manda, ndipo tsiku lomwelo ndinalumbira, iwe uli kumsana, kuti wangayu sindidzamutsekera njira.

Usanene, ndikudziwa. Lachitatu lija ndikukulunga pasipoti yako m'jumbo ya shuga ndinayang'ana manja anga, ndipo anali manja a amayi, mpaka kagwiridwe kake. Ndinaona, koma sindinaleke. Ndinamanga mfundo n'kukaibisa. Masiku atatu awa ndakhala ndikukuonerera ukufunafuna, ukudziimba mlandu kuti ndiwe wosasamala, ukupemphera chapansipansi kuseri kwa chitseko. Dzulo unandifunsa, "Amayi, simunaioneko?" Ine n'kuti, "Mwina Mulungu wakoyo wasinthanso maganizo." Ndinanamizira Mulungu zochita za manja anga. Pa zonse zimene ndalakwa moyo uno, chimenechi ndiye chandinyansa ndekha. Usamalumbire kuti ine sindidzachita zimene anachita amayi, Tadala. Uzingopempha kuti tsiku limenelo likadzafika, pakhale wokugwira dzanja.

Lero m'mawa ndinakwera kumunda wa kuphiri. Sindinapite kukalima, ndinapita kukakangana. Ndinaima pachulu paja ndikuyankhula mokweza, ngati pali amene anandimva auza mudzi wonse kuti amake Tadala misala yawagwira. Ndinati, "Inu Ambuye, munanditengera mwamuna, ndinakhala chete. Anyamata anapita, ndinakhala chete. Tsopano mukufuna ndi uyu yemwe? Ndikadwala adzanditungire madzi ndani? Munda uwu ndausunga zaka zonsezi kuti ndisungire ndani?" Ndinanena zambiri, zina sindingalembe m'kope la mpingo. Nditatopa ndinakhala pansi, ndinati, "Chabwino. Ine maso angawa amaona nyumba ya zipinda zitatu basi, china sindikuona. Ngati muli nacho china, mundionetse, chifukwa ndakalamba, pandekha sindisintha. Ndapempha zimene anapempha mwana uja. Koma mudziwe kuti ndapempha ndili wokwiya."

Sindikunamiza kuti ndinamva mawu. Kunalibe mawu, kunalibe kuwala, kunali mbuzi ya eni ake ikudya nandolo wanga. Mtima sunapepuke n'komwe. Koma potsika, mapazi anandifikitsa pamaziko ako aja, ndipo ndinawerama n'kuzula chikhomo choyamba. Chinalimba, poti ndinakhoma ndekha chaka chatha. Ndinazula chachiwiri. Ndinazula zonse. Zili pano pambali panga pamene ndikulembapa, dothi likadali kunsonga. Madzulo ano zomwezi ndisonkhera moto wokazingira mtedza wa kamba wako wa paulendo.

Usaganize kuti ndakondwa. Sindinakondwe, ndipo mwina papita nthawi. Usabwere kuno ku chigafa kudzandikumbatira ngati za pa kanema, ndikukankha. Usandiwerengerenso mavesi, ndinawaloweza iwe usanabadwe. Za munda ndikayankhula ndekha ndi atsibweni ako. Za njerwa sindikudziwa. A Nankhoma akhala akunena kuti nyumba yathu ya mapemphero ikugwa khoma la kumvuma, koma adikire kaye, ndiyambe ndawapatsa moni. Chimene ndikudziwa n'chakuti sindifuna kuti tsiku lina udzaphwasule za ine n'kupeza kachitini.

Ndiye tamvera. Tenga khasu laling'ono lija, upite pauvuni. Uwerenge makomo osonkhezera moto kuchokera mbali ya mtengo wa mango. Khomo lachitatu. Njerwa zotsekera pamenepo ndinangozisanja, matope ake ndi atsopano, uona. Uyambe wagogoda ndi ndodo, mumakonda kulowa njoka. Ugumule wekha, ine sindibwera kudzathandiza, sindingathe kuona. Upise dzanja kumanzere, pamwamba pa njerwa yachiwiri.

Uipeza ili bwinobwino. Ndinaikulunga m'majumbo awiri, n'kuika m'chitini chotseka, pansi ndinathira phulusa kuti chiswe chisayandikire. Ngakhale pamene ndinkakubera, ndinkaopa kuti ingaonongeke.

Mawa undidzutse. Sutikesi ndisenza ndine mpaka pa Malomo, pamsika pomwe paja, kuti onse amene amakodolana aone kuti amake a nesi amuperekeza okha. Koma panjira usandiyankhulitse.

Ndine mayi ako,
wokwiyabe, koma chingwe ndataya.